Pansi pa Pozzuoli, doko limene linkadyetsa Roma

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu ya mbiri ndi malo. Lero ulendo wathu ndi wa ku Italy, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, ku tauni ya padoko yotchedwa Pozzuoli, yomwe ili chakumadzulo kwa mzinda wa Napoli, mtunda wosakwana ola limodzi pa sitima yapamtunda. Alendo ambiri akafika ku Napoli amathamangira ku Pompeii kukaona mzinda umene unakwiririka ndi phulusa, ndipo sakulakwa ayi. Koma munthu wofuna kudziwa kuti Aroma ankadya chiyani, ankamwa madzi ochokera kuti, ankamangira chiyani, ndiponso ankagwira ntchitozo ndi ndani, ine ndingamuuze kuti ayambire ku Pozzuoli. Akafika kumeneko azolowere kuyang'ana pansi, chifukwa zambiri zoyenera kuona zili kunsi kwa misewu, kunsi kwa nyumba ndi kunsi kwa nyanja.

Tauni imeneyi ambiri a inu munaimvapo kale kutchalitchi. Aroma ankaitcha Puteoli, ndiye Potiyolo uja wa m'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 28. Paulo ali mkaidi, chombo chimene anakwera chinasweka pachilumba cha Malta. Atakhala kumeneko miyezi itatu, anamukweza chombo china cha ku Alexandria. Anaima ku Syracuse, anadutsa ku Rhegium, mphepo ya kummwera inawakankha bwino, mpaka anakocheza pa Puteoli. Pamenepo anapezapo abale ake m'chikhulupiriro, nakhala nawo sabata yathunthu asanauyambe wapamtunda wopita ku Roma. Zimenezi zinachitika cha m'ma 60, Yesu atabadwa kale.

Nanga chombo cha ku Egypt chinkafunanji pa Puteoli, pamene Roma ali kutali makilomita oposa 200? Yankho lake ndi tirigu. Nthawi imeneyo mu Roma munkakhala anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo minda ya ku Italy sinkatha kuwadyetsa. Chakudya chinkachokera kuno ku Africa, kuchigwa cha mtsinje wa Nile ndi kumadera a kumpoto kumene lero kuli Tunisia. Wolemba mbiri Josephus ananena kuti tirigu wa ku Egypt yekha ankadyetsa Roma miyezi inayi pachaka. Koma pamathiriro a mtsinje wa Tiber, umene umadutsa mu Roma, pankadzaza mchenga, moti zombo zikuluzikulu sizinkatha kulowapo. Puteoli anali ndi gombe lakuya ndi lobisika ku mphepo. Agiriki ochokera pachilumba cha Samos ndiwo anayamba kukhalapo, zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe, ndipo Aroma anakhazikitsapo anthu awo m'chaka cha 194 Yesu asanabadwe. Anamanga chikhoma cholowa m'nyanja chotalika mamita oposa 370, chokhala pa zipilala, kuti zombo zizikocheza. Tirigu ankatsitsidwa pamenepa, kusungidwa m'nkhokwe, kenaka kupakiridwa m'zombo zing'onozing'ono zopita ku Roma.

Seneca, munthu wanzeru amene anali mlangizi wa mfumu Nero, anafotokoza m'kalata yake ina zimene zinkachitika zombo za ku Alexandria zikaonekera. Kutsogolo kunkabwera zombo zothamanga zodzanena kuti gulu lonse lili m'njira. Zombo za ku Alexandria zokha ndizo zinkaloledwa kulowa m'gombemo thanga lapamwamba lili chitambasulire, choncho anthu ankazizindikira zikadali kutali. Tauni yonse inkakhamukira padoko. Amene munaimapo pamzere mu Febuluwale wa chaka cha njala, n'kuona lole ya chimanga ikutulukira pakona, mukudziwa mmene mitima ya anthu amenewo inkagundira.

(NYIMBO MWACHIDULE)

Anthu a padokopo tikuwadziwa ndi maina, ndipo zimenezi zinatheka mwamwayi. M'chaka cha 1959, anthu opanga msewu waukulu pamalo otchedwa Murecine, pafupi ndi Pompeii, anakumba dengu lodzaza timatabwa tolembapo. Tinali timatabwa topaka phula, timene Aroma ankalembapo ndi kachitsulo kosongoka. Matope onyowa ndiwo anatisunga. Atatiwerenga, akatswiri anapeza kuti ndi zikalata za banja lobwereketsa ndalama la ku Puteoli, la a Sulpicii, ndipo ambiri mwa iwo anali akapolo omasulidwa kapena ana a akapolo omasulidwa.

Kathabwa kena kakunena za wamalonda wina dzina lake Gaius Novius Eunus. M'chaka cha 37 anakongola ndalama za Aroma zotchedwa sesterce zokwana 10,000. Chikole chake chinali tirigu wa ku Alexandria wokwana miyeso 7,000, yomwe pa kawerengedwe kathu ndi matumba a makilogalamu 50 oposa 900, kuphatikizapo matumba 200 a mphodza, tchana ndi mbewu zina, zonse zili m'nkhokwe za boma za padokopo. Amene anamuwerengera ndalamazo m'manja anali kapolo, dzina lake Hesychus. Zikalata zotsatira zikusonyeza kuti Eunus anakongolanso zina, ndipo patatha zaka ziwiri anali asanamalizebe kubweza. Ine nkhani imeneyi imandigwira mtima kuposa nkhani za mafumu, chifukwa ikutionetsa munthu wamba wamalonda, katundu ali m'nkhokwe koma m'thumba mulibe kanthu, akudikira kuti mtengo ukwere.

Tsopano tiyeni tiyende. Mukachoka padoko, mungoyenda pang'ono ndipo mudzaona malo otsika, ozunguliridwa ndi mpanda wachitsulo, pakati penipeni pa nyumba zogona anthu ndi malo odyera. Mumaima pamsewu n'kusuzumira pansi. Pamenepo pali bwalo lalikulu la ngodya zinayi, ndipo chakumapeto kwake kwaima nsanamira zitatu za mwala wa mabo, zotalika mamita pafupifupi 12. Pamene ankafukula malowa cha m'ma 1750 anapezapo fano la Serapis, mulungu wa ku Egypt, ndiye anthu anayamba kunena kuti ndi kachisi wa Serapis. Mpaka lero eni tauni amatero. Koma sanali kachisi. Unali msika wa nyama ndi nsomba. Kuzungulira bwalolo kunali timashopu toposa 30, tina toyang'ana m'kati, tina toyang'ana kumsewu. Pakati panali kanyumba kozungulira kokhala pa nsanamira, kokhala ndi madzi. M'makona awiri munali zimbudzi za anthu onse, zoyalidwa mwala wa mabo, madzi akuyenda pansi pake kuchotsa zonyansa. Ndimafuna akuluakulu oyendetsa misika yathu atamva mfundo imeneyi: zaka pafupifupi 1,900 zapitazo, omanga msika uwu anaona kuti malo ogulitsira nsomba sangakhale opanda madzi ndi chimbudzi.

Ndiye yang'anitsitsani nsanamira zitatu zija. Kuyambira pansi mpaka mamita atatu ndi theka, mwala ndi wosalala. Pamwamba pa pamenepo pali chigawo chakuda, chokhakhala, chotalika mamita pafupifupi atatu, chodzaza timabowo toti chala n'kulowa. Kupitirira apo mwala ndi wosalalanso. Timabowo timeneti sanaboole ndi munthu. Tinabooledwa ndi nkhono za m'nyanja, za mtundu umene umafukula mwala n'kukhala m'kati mwake, ndipo zigoba zake zinapezeka m'mabowomo. Nkhono zimenezi sizikhala kumtunda. Ndiye kuti panali nthawi imene nsanamirazi zinamira m'nyanja mpaka mamita oposa asanu ndi limodzi, zili chiimire. Kunsi kwake kunapulumuka chifukwa kunali kutakwiririka ndi dothi ndi zigumukire. Kenaka zinatulukanso m'madzi, osagwa.

Zimenezi zinazunguza mitu ya anthu ophunzira a ku Ulaya kwa zaka zambiri. Ena ankati nyanja ndiyo inakwera n'kutsikanso. Koma nyanja singakwere mamita asanu ndi limodzi pa Pozzuoli pokha, kwina konse n'kukhala chimodzimodzi. Chimene chinayenda ndi nthaka. Charles Lyell, katswiri wa miyala wa ku Scotland, anajambulitsa nsanamira zitatuzi patsamba loyamba la buku lake la mu 1830 lotchedwa Principles of Geology, pofuna kusonyeza kuti dziko limasintha pang'onopang'ono, ndi mphamvu zomwezi zimene zikugwira ntchito lero. Charles Darwin anatenga buku limeneli pa ulendo wake wapanyanja. Choncho msika wa nsomba wa Aroma unathandiza kusintha mmene anthu amaganizira za msinkhu wa dziko lapansi.

(NYIMBO MWACHIDULE)

N'chifukwa chiyani nthaka ya Pozzuoli imakwera ndi kutsika? Tauniyi yakhala pakati pa chigwa chachikulu cha phiri lophulika, chotchedwa Campi Flegrei, chotambalala makilomita oposa 12. Si phiri losongoka ngati Vesuvius amene ali kummawa kwa Napoli. Ndi dera lonse limene linatitimira pambuyo pa kuphulika kuwiri koopsa, kwina zaka pafupifupi 39,000 zapitazo, kwina zaka pafupifupi 15,000 zapitazo. Pansi pake pakadali miyala yosungunuka, mpweya ndi madzi otentha. Mpweya ndi madziwo zikachuluka, nthaka imatukumuka, zikachepa, imaphwa. Eni ake amati bradisismo, ndipo mawu amenewa ngakhale mwana wa pulayimale wa ku Pozzuoli amawadziwa.

Pa 29 Sepitembala 1538, nthaka itatukumuka kwa nthawi yaitali, inang'ambika pafupi ndi mudzi wa Tripergole. Pasanathe sabata panali patamera phiri latsopano lotalika mamita oposa 130, mudziwo utakwiririka. Phirilo lilipo, amalitcha Monte Nuovo, pamera mitengo ya paini ndipo anthu amakwerapo kokayenda. Kuchokera nthawi imeneyo sikunaphulikenso, koma nthaka sinagone. Pakati pa 1982 ndi 1984 tauni inakwera mamita pafupifupi 1.8, zivomezi zikuchitika mazanamazana. Padoko madzi anachepa, zombo zinayamba kuvutika kukocheza, makoma a nyumba anang'aluka, ndipo anthu masauzande ambiri anawasamutsira kumalo atsopano otchedwa Monterusciello. Kuyambira 2005 nthaka yayambanso kukwera, ndipo yapitirira kale mita imodzi. Mu Meyi 2024 kunachitika chivomezi cha mphamvu ya 4.4, mu Malichi 2025 china cha 4.6, anthu n'kugona m'magalimoto ndi m'matenti. Abale athu a ku Karonga amene anaona zivomezi za mu Disembala 2009 akudziwa za kugona panja nyumba yako ili pomwepo. Mukapita pakadoko kakale ka asodzi, mudzaona mabwato ena atakhala pamatope pamene kale panali madzi. Anthu pafupifupi theka la miliyoni amakhala m'dera limene boma linalemba kuti ndi loyenera kusamutsidwa zinthu zikavuta, ndipo akatswiri a Osservatorio Vesuviano amayeza nthakayo usana ndi usiku.

Pamwamba pa doko pali chithanthwe chimene pakhala mudzi wakale wa Rione Terra. Pa 2 Malichi 1970, nthaka itayamba kukwera, boma linatulutsa anthu onse a m'mudzimo, ndipo sanabwererenso. Ambiri anali mabanja a asodzi, osauka, okhala mothithikana, koma kumeneko kunali kwawo. Mudzi utatsala bwinja, ofukula zakale analowa kunsi kwa nyumba ndipo anapeza tauni ya Aroma ili mmene inalili: misewu yoyalidwa miyala yakuda, mashopu, mosungira katundu, mophikira buledi muli mphero zake zamwala, ndi tizipinda ting'onoting'ono ta mdima. Lero mlendo amayenda m'misewu imeneyi ndi womutsogolera, nyumba za zaka za m'ma 1600 zili pamutu pake. Tchalitchi chachikulu cha pamwambapo nachonso chinali ndi chinsinsi. Chitapsa ndi moto mu 1964, makoma ake anagamuka n'kuonetsa nsanamira zoyera za kachisi wa nthawi ya mfumu Augustus, amene tchalitchicho chinamangidwa momukuta. Chinatsegulidwanso mu 2014, ndipo anthu amapempheramo pakati pa nsanamira za Aroma.

(NYIMBO MWACHIDULE)

Tikwere mtunda pang'ono, tifike pa bwalo lamasewero la Anfiteatro Flavio. Mwa mabwalo onse a mtundu umenewu mu Italy, ili ndi lachitatu kukula, kutsatira Colosseum ya ku Roma ndi la ku Capua. M'litali ndi mamita pafupifupi 150, m'lifupi pafupifupi 116, ndipo linkalowa anthu ngati 40,000. Linamalizidwa m'nthawi ya banja lachifumu la Vespasian, m'zaka za m'ma 70, ndipo mawu olembedwa pamwala akusonyeza kuti tauni inalipira yokha ndi ndalama zake. Apa mukhoza kuona kulemera kumene tirigu anabweretsa.

Kumwamba, mipando yambiri inagumuka. Koma tsikirani kunsi. Palibe bwalo lina mu Italy limene zipinda zake zapansi zinasungika bwino chotere, chifukwa zinadzaza dothi ndi phulusa mpaka pamene anazifukula m'zaka za m'ma 1800. Mumatsika njira yotsetsereka, kutentha kwa panja n'kutha, kamphepo kozizira n'kukulandirani. Muli makonde a njerwa zofiira, zopyapyala, zoyalidwa mwaluso moti mmisiri wa lero angaime n'kugwedeza mutu. Kudenga kuli mabowo a ngodya zinayi ondondozana, kuwala kukulowera pamenepo. Pansi pagona zidutswa za nsanamira zimene ofukula anazisunga mmenemo. M'mbali muli tizipinda tosanjikizana, ndipo m'tizipinda tapamwamba ndimo munkakhala zikwere za zilombo. Nthawi ikakwana, akapolo ankakankhira chikwere pansi pa bowo, kuchikoka ndi zingwe pa mawilo, chitseko chamatabwa cha pamwamba n'kutseguka, chilombo n'kutulukira pamchenga anthu akukuwa. Pakati pa bwalo pali ngalande yaitali imene ankakwezerapo zokongoletsa za masewero. Ganizirani anthu amene ankagwira ntchito mmenemo: mdima, utsi wa nyale, fungo la nyama zolusa, phokoso la anthu 40,000 pamutu. Zambiri mwa zilombo zimene Aroma ankaphera m'mabwalo awo, mikango ndi akambuku, zinkagwidwa kumpoto kwa Africa, ndipo zinkabwera pa zombo ngati mmene ankabwerera tirigu.

Akatolika a ku Napoli amasunga mbiri yoti m'chaka cha 305, pa chizunzo cha mfumu Diocletian, episkopi Januarius, amene iwo amamutcha San Gennaro, anaweruzidwa kuti aponyedwe kwa zilombo m'bwalo limeneli pamodzi ndi anzake, ndipo pomaliza anadulidwa mutu pafupi ndi Solfatara, chigwa chofuka nthunzi ya sulufule chimene chili kumtunda kwa tauni.

Sindikufuna kuti tichoke pano tikungoyamikira njerwa. Ku Pozzuoli kunapezeka mwala wolembedwa malamulo a kampani imene tauni inaipatsa ntchito yoika maliro. Kampani yomweyo ndiyo inkaperekanso zilango. Malamulowo akuti ikhale ndi antchito osachepera 32, ndipo antchitowo asamalowe m'tauni popanda chipewa chowazindikiritsa. Akutinso ngati munthu akufuna kuti kapolo wake apachikidwe pamtanda, kampani ibweretse mitengo, zingwe ndi anthu okwapula, ndipo mwini kapoloyo alipire sesterce zinayi kwa wantchito aliyense. Zinalembedwa poyera, pamwala, ngati mtengo wa katundu wina aliyense. M'tauni yomweyi, pakhoma la shopu ina yakale, anapezapo chithunzi chokanda cha munthu wopachikidwa, msana uli mikwingwirima, chimodzi mwa zithunzi zakale kwambiri za kupachika pamtanda zimene zilipo. Inu amene mumaimba za mtanda Lachisanu Loyera, dziwani kuti kwa anthu amene Paulo anawapeza padoko lija, mtanda chinali chinthu chimene ankachiona m'mbali mwa msewu.

(NYIMBO YODEKHA)

Moto wa pansi uja sunangobweretsa mantha. Unapatsanso Aroma chuma china: phulusa. Dothi la phulusa la m'dera lino, limene amisiri mpaka lero amalitcha pozzolana, ukalisakaniza ndi laimu ndi miyala limauma gwa, ngakhale pansi pa madzi. Vitruvius, mmisiri wa nthawi ya Augustus, analemba kale za zimenezi. Ankakhoma bokosi lalikulu lamatabwa m'nyanja, kuthiramo chisakanizocho, n'kuchisiya kuti chigwirane. Akatswiri a masiku ano ataboola zikhoma zakalezi anapeza kuti madzi amchere akamalowa m'kati, amachititsa kuti timiyala tatsopano timere m'ming'alu, moti chikhomacho chimalimbirako m'malo mofumbutuka. Konkire wathu wa lero, wokhala ndi zitsulo m'kati, madzi amchere amamudya pa zaka makumi ochepa.

Phulusa limeneli linkagulitsidwa kutali. Pamene mfumu Herode ankamanga doko la Caesarea ku Yudeya, zaka pafupifupi 20 Yesu asanabadwe, phulusa lomangira analitenga kugombe lino la Napoli, ulendo wa makilomita oposa 2,000 panyanja. Caesarea ndi kumene Paulo anakhala m'ndende zaka ziwiri asanatumizidwe ku Roma. Ndiye kuti mzinda umene ananyamukira unali ndi doko lomangidwa ndi dothi la kumene ankapita.

Kuchoka pa Pozzuoli kulowera kumadzulo, gombe limakhota mpaka ku Baia. Kumeneku kunali kosangalalira anthu olemera a ku Roma, chifukwa cha akasupe a madzi otentha. Julius Caesar anali ndi nyumba kumeneko, Nero anakonzera konko chiwembu chopha mayi ake Agrippina mu 59, ndipo mfumu Hadrian anamwalirira komweko mu 138. Paphiri pakadali mabwinja a nyumba zosambiramo, kuphatikizapo chipinda chozungulira chimene denga lake la konkire ndi lotambalala mamita oposa 21, lakale kuposa la Pantheon ya ku Roma. Mukawomba m'manja mmenemo, phokoso limabwerera kangapo. Koma mbali yakumunsi ya Baia inamira ndi kutsika kwa nthaka kuja. Kuyambira 2002 malowo ndi otetezedwa, ndipo alendo amakwera bwato la galasi pansi, kapena kuvala zosambira n'kumira. Pansi pa mamita asanu kapena kuposerapo pali misewu, zipinda, ndi pansi pa nyumba pokongoletsedwa ndi timiyala tamitundumitundu. Wotsogolera amapukusa mchenga ndi dzanja kuti muone, kenaka amakwiriranso kuti ndere zisamerepo. Mafano amene ali m'madzimo ndi ongofanizira. Enieni anawavuula ndipo ali m'nyumba yosungiramo zakale mu linga la Baia pamwamba pa phiri.

Malo omaliza ndi amene ine ndimawaika patsogolo pa onse, ngakhale alendo ochepa ndiwo amafikako. Ali ku Bacoli, pakamsewu kopapatiza pakati pa nyumba za anthu, ndipo kunja kwake simungaganize kuti pali kanthu. Dzina lake ndi Piscina Mirabilis. Mukalowa pakhomo mumatsika masitepe, n'kupezeka muli m'chipinda chachikulu chosemedwa m'thanthwe: mamita 70 m'litali, 25 m'lifupi, 15 kuchoka pansi kufika kudenga, ndipo dengalo lagona pa zipilala 48. Ambiri akalowa amayamba kunong'ona ngati ali m'tchalitchi. Koma ndi thanki ya madzi. Inkasunga malita oposa 12 miliyoni. Gwirani khoma: lakutidwa ndi chikhungwa cholimba chimene madzi anasiya pa zaka mazana ambiri, ndipo pansi pake pali pulasitala wa laimu wosakaniza ndi zidutswa za mapale, woletsa madzi kudontha. Pakati pa chipindacho pansi ndi pokumbika pang'ono, kuti matope azisonkhana pamenepo pochapa thanki.

Madziwo ankachokera ku akasupe a ku Serino, kumapiri, kudzera m'ngalande yotalika makilomita pafupifupi 100 imene inamangidwa m'nthawi ya Augustus. Panalibe injini kapena pampu. Ngalandeyo inkangotsetsereka pang'onopang'ono njira yonse, kwina m'mapanga oboola m'phiri, kwina pamwamba pa zipilala, ikugawira madzi ku Pompeii, ku Napoli, ku Puteoli ndi matauni ena. Kumapeto kwake kunali kuno, chifukwa pafupi pomwepa, pa Misenum, panali likulu la asilikali apanyanja a Roma. Mkulu wa asilikali amenewa m'chaka cha 79 anali Pliny wamkulu, wolemba mabuku a zachilengedwe. Ali pa Misenum anaona mtambo wachilendo ukukwera pa Vesuvius, analamula zombo kuti zikapulumutse anthu, ndipo iye anafera kutsidya, pagombe la Stabiae. Mwana wa mlongo wake, Pliny wamng'ono, anatsala pa Misenum, ndipo makalata ake ndiwo amatiuza mmene tsiku limenelo linalili.

Ulemerero wa Puteoli unayamba kuchepa mfumu Claudius atayamba kumanga doko latsopano pafupi ndi Ostia mu 42, ndipo Trajan atalikuza, zombo za tirigu pang'onopang'ono zinayamba kupita molunjika kufupi ndi Roma. Koma doko la Pozzuoli silinafe. Zombo zonyamula anthu ndi magalimoto zimanyamukapo tsiku lililonse kupita kuzilumba za Ischia ndi Procida, ndipo anthu a ku Napoli amabwerabe m'mawa kudzagula nsomba.

Kwa abale athu amene muli ku Italy pa sukulu, pa ntchito kapena pa ulendo wa mpingo, kufikako n'kosavuta. Ku Napoli kwerani sitima ya mzere wachiwiri yopita ku Pozzuoli. Msika uja mumauona muli pamsewu osalipira kanthu. Bwalo lamasewero, Baia ndi Cuma, kumene kuli mabwinja a mudzi wa Agiriki wakale kwambiri, zili pansi pa ofesi imodzi yoyang'anira zakale za Campi Flegrei. Funsiranitu musananyamuke, chifukwa chivomezi chikachitika malo ena amatsekedwa kuti awayendere kaye, ndipo chigwa cha Solfatara anachitseka mu 2017 pambuyo pa ngozi imene inapha anthu atatu a banja limodzi. Valani nsapato zolimba, tengani madzi akumwa, ndipo mukamva fungo ngati la mazira owola musadabwe, ndi sulufule wochokera pansi. Kamwala kapena phale lililonse mulisiye pamene mwalipeza. Lamulo la Italy limaletsa kutola, ndipo ofukula zakale amawerenga mbiri poona pamene chinthu chagona.

Nthawi yatithera, omvera. Aphunzitsi a mbiri ndi a jogalafe amene muli ndi mafunso ochokera kwa ana anu, tilembereni, tidzawayankha m'pulogalamu ikubwerayi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)